Dzanja Lamanzere la Mayi Bronia

M'kabati ya mbale zosadyera, kunyumba kwa Enifa ku Wolverhampton, muli kandodo kachitsulo kamphako, kakafupi, kosupuka utoto. Alendo akafunsa kuti ndi chiyani, mwamuna wake Rapson amathamangira kuyankha kuti ndi chitoliro chimene chinakana kulira. Enifa saseka nawo. Kandodoko anamusiyira mayi wina wa ku Poland amene tsopano anagona kumanda a ku Birmingham, ndipo akakayang'ana mtima umamubwerera ku miyezi yozizira ya chaka cha 2006.

Enifa analeredwa ku Ntcheu ndi mayi amene sankachita masewera pa nkhani ya manja. Wamkulu akamakupatsa chinthu, umatembenuka n'kumuyang'ana, umapinda maondo, n'kulandira ndi manja awiri. Ukangotambasula lamanzere, chinthucho chinkabwerera kumene chachokera, khofi n'kubwera m'malo mwake. Mayiwo anamwalira Enifa ali kale ku England, maliro n'kungowamvera pa foni, koma malamulo awo anali atakwera naye ndege. Zaka zinayi akugwira unamwino kuno, ankaperekabe pepala la mankhwala dzanja lina litagwira pamkono, azungu n'kumamufunsa ngati wabinya.

Ntchito yake inali yoyendera odwala m'makomo, kutsuka zilonda ndi kumanga mabandeji. Mu Januwale mkulu wa anamwino, mayi wofatsa dzina lake Fiona, anamupatsa wodwala amene anzake onse anali atamulephera.

"Dzina lawo ndi Bronislawa Sobieraj, zaka makumi asanu ndi awiri, matenda a shuga," anatero Fiona. "Ali ndi chilonda pakakolo. Madokotala anena kuti chikapanda kuyamba kupola pofika Epulo, mwendowo audula. Anamwino atatu awabweza pakhomo. Wachinayi analowa, koma anamufunsa kuti wamutuma ndani."

Mayiwo ankakhala okha m'fulati ya pamwamba kwambiri ku Erdington, m'nyumba ina yosanja imene chikepe chake chinkagwira ntchito pamene chafunira. Anali mayi wamtali, wowonda, tsitsi loyera lometa lalifupi ngati mwana wasukulu. M'chipinda munali milu ya nyuzipepala zakale zomanga ndi zingwe, ndi makina otaipira atafunditsidwa nsalu ngati akumva kuzizira. Dzina lawo lilime la Enifa linalikana tsiku lomwelo, choncho anangoti mayi Bronia, iwo sanatsutse.

Koma maso awo, abale! Sankachoka pa manja a Enifa. Paketi iliyonse ya thonje ankayamba aiwerenga kaye, n'kulamula kuti itsekulidwe iwo akuona. Piritsi ankalitembenuza uku ndi uku asanameze. Enifa akapita kukasamba m'manja, mayiwo ankasuntha mpando kuti azimuonabe pakhomo la bafa. Enifa sanadandaule. Ankagogoda n'kudikira, ankawafunsa mmene adzukira, ankagwada pansi pomanga chilonda chifukwa ndi mmene anazolowerera, ndipo asanawakhudze ankayamba watenthetsa zala zake m'madzi ofunda. Ali chogwada choncho ndi pamene anaona mwendo winawo, wabwinowo. Akatumba ake anali olimba kuposa a mayi aliyense wa msinkhu umenewo amene iye anamugwirapo.

Pofika sabata yachinayi chilonda chinayamba kuonetsa mnofu wofiira m'mbali, ndipo Enifa anakondwa kwambiri. Tsiku limenelo, Enifa atamaliza kumanga, mayi Bronia anadzuka, n'kugwira khoma mpaka pazenera. Ndodo yawo yoyendera inatsalira pampando. Anaima chomupatsa msana Enifa, maso ali kunja pa msewu, kenako anatambasulira kumbuyo dzanja lamanzere, chikhatho chili m'mwamba, osacheuka.

Enifa anaima ngati wathiridwa madzi ozizira. Anaika ndodo ija m'dzanjalo, zala za mayiwo n'kuigwira nthawi yomweyo. Ulendo wotsatira anachitanso chimodzimodzi polandira mapiritsi. Ulendo winawo, polandira pepala la tsiku lobweranso.

"Ndi resizimu imeneyo, make Shalom," anatero Rapson atamva, akuvula nsapato zake za kuweyahausi. "Inuyo mumakhala bize kugwada, iwo akukuonani ngati wantchito wa m'nyumba. Mukakompleine kwa manijala."

"Koma poyamba ankandiyang'ana mpaka kunditopetsa."

"Poyamba ankakuchekani ngati muba. Pano aona kuti simuba, ndiye nkhope yanu aifuniranji?"

Mawuwo anagwera pa bala lakale. Enifa anali atamvapo kale odwala akunena pamaso pake kuti sakufuna namwino wakuda, ndipo anali atameza zonsezo. Koma dzanja lamanzere, la kumbuyo, kwa munthu amene wangochoka kukugwadira kumapazi, ngakhale galu wa kwa a Ndaziona oyandikana nawo ku Ntcheu ankayamba wakuyang'ana asanalandire fupa. Apa ndiye Enifa anachita chinthu chopusa, ndipo tisachibise. Sanafunse mayi Bronia, sanauzenso Fiona zoona. Anangonena kuti ku Erdington kukumutalikira, Fiona n'kumusinthira odwala ena a ku Handsworth.

Panapita masabata atatu. Lolemba lina m'mawa Fiona anamuitana, nkhope itagwa.

"Chichokereni iwe sanatsegulire munthu," anatero. "Tatumiza anamwino awiri, tatumiza dokotala. Amayankhira pa kabowo ka makalata kuti akudikira Enifa. Bandeji akumanga okha."

Enifa anakwera masitepe onse aja wapansi, pakuti chikepe chinali chitanyanyala. Fungo linamulonjera chitseko chisanatseguke bwino. Atamasula nsanza zimene mayiwo anadzimanga, anapeza mnofu wofiira uja kulibe. Chilonda chinali chitakula, m'mbali mwake mutada. Anatsuka chilondacho, mkwiyo ndi manyazi zikulimbirana malo pachifuwa. Mayi Bronia sanamufunse kumene anali. Enifa atamaliza, mayiwo anadzuka movutika, n'kudzikoka mpaka pazenera paja, dzanja lija n'kutulukiranso kumbuyo kudikira ndodo.

Pamenepo Enifa anaphulika.

"Mayi, ine ndine munthu!" anatero m'Chingerezi chimene chinatuluka ndi kamvekedwe konse ka ku Ntcheu. "Kwathu munthu amene wakupatsa chinthu umamuyang'ana, umalandira ndi manja awiri. Dzanja ilo, la kumbuyolo, ndi chipongwe chimene mayi anga akanandimenyera mpaka kutupa. Ngati nkhope yanga ikukunyansani, nenani. N'chifukwa chake ndinachoka."

Mayi Bronia anatembenuka pang'onopang'ono. Anayang'ana dzanja lawo lomwe ngati ndi la munthu wina, kenako anayang'ana Enifa, pakamwa pali yasa.

"N'chifukwa cha ichi?" anafunsa. "Mwana iwe, n'chifukwa cha ichi basi?"

Anakhala pampando mwamphamvu, n'kuloza pamwamba pa kabati kuti Enifa atsitse bokosi la nsapato. M'bokosimo munali kandodo kachitsulo kaja ndi chithunzi chachikasu. Pa chithunzicho panali atsikana awiri ovala tiakabudula, akuthamanga pa bwalo. Wakutsogoloyo maso anali patsogolo, dzanja lamanzere atalitambasulira kumbuyo, chikhatho chili m'mwamba, ndipo wam'mbuyoyo anali akuikamo kandodo.

"Wakutsogoloyo ndine," anatero mayi Bronia. "Wam'mbuyoyo ndi Danka, mnzanga. Tinkathamangira timu ya fakitale ya nsalu ya mumzinda wathu wa Lodz, atsikana anayi opatsirana kandodo. Ine ndinali womaliza. Lamulo lake ndi limodzi. Ukamva mnzako akubwera umayamba kuthamanga, akafika pafupi amakuwa kuti hop, iwe n'kuponya dzanja kumbuyo. Sucheuka. Ine ndinacheukapo kamodzi, mu 1958, pa mpikisano umene tikanapambana. Ndinakayika kuti Danka andipeza. Nditacheuka liwiro linachepa, iye anandiomba, kandodo n'kugwa. Danka sananditukwane. Anangondifunsa kuti, kodi unkayesa sindibwera? Chiyambire tsiku limenelo sindinacheukenso."

Enifa anakhala pansi pomwepo, pafupi ndi beseni la madzi, mayiwo n'kupitiriza. Maondo atayamba kuvuta anasiya kuthamanga n'kukhala mtolankhani wa zamasewero. Zaka khumi ndi zisanu analemba za miyendo ya anthu othamanga, akuluakulu a nyuzipepala n'kumawayamikira. Ndiye tsiku lina anakaona azimayi a kufakitale kuja, amene anathamanga nawo ali atsikana. Anawapeza akuima pa makina maola asanu ndi atatu, miyendo itatupa ngati mitondo, kenako n'kukaimanso pa mzere wa nyama imene kunalibe.

"Ndinalemba za miyendo yomwe ija," anatero akuseka pang'ono. "Sindinkadziwa nkhani ina. Koma ya miyendo iyi boma silinaikonde. Ntchito inatha sabata yomweyo."

Anayamba kulembera kanyuzipepala kobisa ka anthu apantchito. Kumapeto kwa 1981 asilikali anadzaza m'misewu, ndipo kupezeka ndi pepala lotero kunali kudzigulira ndende. Ofalitsa ankagwidwa mmodzimmodzi, aliyense akapanikizidwa n'kutchula amene anamupatsa. Mayi Bronia ndi amene anawaphunzitsa njira ya pa bwalo. Munthu ankaima pamalo okwerera tiramu, sitima yoyenda m'misewu ya mumzinda, pakati pa khamu, maso ali kutsogolo. Akamva mawu apansipansi akuti hop, ankaponya dzanja kumbuyo, mpukutu wa mapepala n'kulowamo. Zolemba zatsopano zopita kwa osindikiza ankazipinda n'kuzilowetsa m'mphako ya kandodo komweka.

"Anandigwira mu 1983. Anandifunsa masiku asanu ndi anayi kuti amandipatsa ndani. Usaganize kuti ndinali wolimba mtima, ndinkalira ngati mwana, ndipo ndikanadziwa dzina mwina ndikanalitchula. Koma sindinkalidziwa. Masiku ena mawu a hop aja ankamveka ngati a Danka. Sindinacheuke, ndipo mpaka iye kumwalira sindinamufunse."

Anakhala m'ndende chaka ndi miyezi iwiri. M'menemo ndi mmene anaphunzira kuyang'ana manja a aliyense wobweretsa chakudya kapena piritsi, ndi kusapatsa munthu msana. Atatuluka anawapatsa pasipoti yotulukira yokha, yopanda njira yobwerera, ndipo iwo ndi amuna awo anadzathera ku Birmingham, kumene mtolankhani uja anatsuka mapoto m'kantini ya fakitale ya zitsulo zaka khumi ndi ziwiri.

"Chitulukireni m'ndende, anthu amene ndawapatsa msana ndi awiri," anatero. "Malemu amuna anga, ndi iwe. Ndinkayesa ukuona."

Enifa analira, ndipo analira mokweza, kulira kumene sanalire ngakhale pa foni ya maliro ija. Anakumbuka chaka cha 1992 ali pasukulu ya unamwino ku Zomba, mmene m'mawa ankapeza timapepala totsutsa boma titagwa m'tinjira, iye n'kumatilumpha ndi mantha osafunsa kuti watitaya ndani. Sanaganizepo kuti anthu otaya timapepala aja amakalamba, amadwala shuga, amakhala okha m'nyumba zosanja.

"Masabata atatu aja ndi ine ndawononga mwendo wanu," anatero.

"Ine pakamwa ndinali napo, sindinakuuze. Iwe unali napo, sunandifunse. Kandodo kakagwa amachotsa timu yonse, safunsa kuti wagwetsa ndani." Anamuyang'ananso. "Nanga zija zogwira pamkono ukamandipatsa chinthu, ndi ulemu umenewo? Ine ndinkayesa ukudziyeza kuthamanga kwa magazi."

Anaseka onse awiri, misozi ili m'masaya.

Mwezi wa Malichi Enifa anaumenya ngati nkhondo. Ankapita tsiku lililonse, ngakhale la ofu, mpaka Rapson anayamba kunena kuti apongozi ake anadzuka n'kusamukira ku Erdington. Anawakakamiza mayi Bronia kupita kuchipatala kukalandira mankhwala a m'mitsempha, iwo n'kuvomera pokhapokha Enifa akhale pambali. Masana, bandeji itamangidwa, ankamwa tiyi wopanda mkaka wa m'magalasi, mayiwo akusimba za kwawo: fungo la bwalo mvula ikagwa, nsapato zaminga zimene atsikana anayi ankabwerekana, mitengo ya m'mbali mwa msewu wa kufakitale. Anabwererako kamodzi kokha, mu 1991, boma lija litagwa. Anapeza bwalo lawo litasanduka msika wa nsapato ndi makaseti, ndipo pamalo enieni pamene Danka ankawapatsira kandodo panali bambo wogulitsa matayala.

"Sanakudziweni?" anafunsa Enifa.

"Andidziwe ndani? Ngakhale anyamata a kwathu adzaza m'Birmingham munowa, omangamanga nyumbawa, amandipatsa mpando m'basi ngati gogo wamba. Amakwera ndege kupita kwawo pa Khirisimasi n'kubwerera, palibe wowafunsa. Ndi zimene tinkafuna. Koma nthawi zina zimandipweteka ndithu."

Enifa naye ankasimba za ku Ntcheu, za kabichi ndi mbatata za pamsewu wa ku Tsangano, za mayi ake ndi makofi awo. Anazindikira kuti zaka zinayi zonsezi sanasimbirepo mzungu aliyense za mayi ake.

Chilonda sichinamve. Kuda kuja kunakwera, ndipo sabata yachiwiri ya Epulo madokotala ananena kuti adula pansi pa bondo. Mayi Bronia anamvetsera mpaka kumapeto, maso ali pa manja a dokotala. Atabwerera kunyumba anakhala nthawi yaitali akusisita mwendowo.

"Unandinyamula bwino," anauuza m'Chingerezi kuti Enifa amve. Kenako anati, "Ndikuopa, Enifa. Kundende kuja ndinkadziwa kuti akanditulutsa ndidzayenda."

"Ndidzakhalapo, mayi. Asanakulowetseni mudzandiona."

Opaleshoni inali ya Lachinayi, naini koloko m'mawa. Enifa anapempha ofu, anadzuka nthawi yabwino, anavala chitenje cha mayi ake pamwamba pa diresi. Galimoto yake, imene inali isanamukhumudwitsepo chisanu chonse, inasankha tsiku limenelo kukana kulira. Rapson anali atapita kale kuntchito ku Coventry. Enifa anathamangira tiramu, tiramu inaima pa siteshoni iliyonse ngati ikulonjera abale, ndipo atatsika mu Birmingham basi inamuchokera pamaso. Atafika ku wodi, naini inali itadutsa ndi mphindi zisanu, pamene panali bedi la mayi Bronia pali mbee.

"Angowatenga kumene," anatero namwino wa pa wodi. "Anakana kunyamuka kawiri konse, koma sitikanadikiranso. Pitani kumanzere, mpaka kumapeto."

Enifa anali asanathamangepo chichokereni ku sekondale, ndipo thupi linali litaonjezekera ndi mabisiketi a m'maofesi. Anakwinya chitenje n'kuliyatsa. Nsapato zinkalira pa simenti yosalala, anthu akupatuka, wina akukuwa kuti muno sathamanga. Atakhota anaona bedi lija patali, amuna awiri akulikankha, chitseko cha ku fiyeta kochitira opaleshoni chili pafupi, chimene iye sakanaloledwa kudutsa. Mayi Bronia anali atawatsamiritsa pa mapilo, nkhope ili kutsogolo, ndipo Enifa ankangoona tsitsi loyera lija. Kuti awazungulire akaime patsogolo pawo, nthawi panalibe. Mpweya woitanira dzina lonse analibenso.

"Hop!" anakuwa.

Mutu woyera uja sunatembenuke. Dzanja lamanzere linatuluka pansi pa bulangeti, singano ya diripi ili pomwepo, n'kutambasukira kumbuyo m'mbali mwa bedi, chikhatho chili m'mwamba. Amuna okankha aja anadabwa n'kuchepetsa liwiro.

Enifa anafika akupuma ngati ng'ombe yolima, ndipo pamenepo anazindikira kuti sananyamule kanthu. Chikwama anachisiya pa wodi, maluwa amene anagula dzulo lake anatsala m'galimoto. Dzanja lija linali likudikirabe. Anapinda maondo pang'ono akuyenda, anagwira mkono wake wamanja ndi dzanja lamanzere monga anamuphunzitsira mayi ake, n'kuika chikhatho chake m'chikhatho cha mayi Bronia.

Zala zija zinatseka mwamphamvu nthawi yomweyo.

"Ndinadziwa," anatero mayi Bronia, maso ali pa chitseko.